Momwe khonsolo yathu inalipirira maphunziro a mainjiniya ake kuchokera pa mtengo wa mapuloti

Lipotili likufotokoza momwe khonsolo ina ya boma inapezera ndalama zophunzitsira mainjiniya ndi matekinishani ake ntchito yokonza malo omangapo nyumba, komanso zomwe zinasintha pamalopo maphunzirowo atachitika. Amene ndalemba ndine injiniya yemwe ndinkatsogolera nthambi ya zomangamanga pa nthawiyo. Dzina la khonsolo ndi maina a anthu ndawasiya dala, poti chomwe ndikufuna anzanga a m'makhonsolo ena atolepo ndi njira yake. Mfundo yanga ndi imodzi. Luso la anthu amene akudula malo ndi gawo la mtengo wa malowo, ndipo liyenera kulembedwa pa mndandanda womwewo umene timalembapo misewu, ngalande ndi mabikoni osonyeza malire a mapuloti. Likaikidwa pa mzere wa maphunziro m'bajeti ya khonsolo, ndalama zikangochepa ndilo limayamba kudulidwa.

Kumene vuto linachokera

Malamulo a zamalo a 2016 anasenzetsa makhonsolo katundu wolemera. Lamulo la Physical Planning Act linasandutsa dziko lonse kukhala dera lofunika mapulani, pomwe lamulo lakale la 1988 linkagwira ntchito m'matauni ndi m'madera ochepa osankhidwa. Lamulo la malo a makolo linakhazikitsa makomiti a zamalo kwa gulupu aliyense. Malamulowa anakonzedwanso mu 2022. Pamwamba pa izi, masomphenya a Malawi 2063 akufuna kuti Karonga, Nkhata Bay, Salima, Kasungu, Liwonde, Mangochi, Luchenza ndi Bangula akule kukhala mizinda. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo 16 mwa 100 alionse ankakhala m'tauni. Chiwerengerochi chikuoneka chochepa, koma aliyense wokhala pa boma akudzionera yekha kuti minda ya chimanga ya m'mphepete mwa tauni ikusanduka mapuloti, ndipo pamene chaka chatha panali mizere lero pali njerwa.

Injiniya wa khonsolo nthawi zambiri amakhala wophunzira bwino. Ambiri tinadutsa ku Polytechnic, yomwe pano ndi MUBAS, ndipo masamu a madzi, a dothi ndi a konkire tinawaphunzira. Koma ukafika pa khonsolo ntchito imene imakudya ndi midadada ya sukulu, zipatala zing'onozing'ono, misika ndi milatho ya thumba la CDF. Zaka zimapita usanagwirepo ntchito yodula malo aakulu. Ntchitoyo ikabwera imagwera pakati pa anthu atatu: wa mapulani amajambula mapuloti, saveya amakhoma mabikoni, injiniya amaitanidwa pamapeto kuti alowetse giredala. Akamafika iyeyo, msewu unasankhidwa kale kumene udzadutse, anthu analipira kale, ndipo funso lakuti madzi a mvula adzapita kuti silinafunsidwe ndi aliyense.

Namondwe wa Freddy wa mu Marichi 2023 ndiye anatitsegula m'maso tonse. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre. Akuluakulu anakumbukira napolo wa ku Phalombe wa 1991 ndi wa ku Zomba wa 1946. Dera lathu silinaone zoopsa zofika pamenepo, komabe makhansala anayamba kufunsa mafunso amene kale sankafunsa, ndipo mpata umenewu ndi umene tinaugwiritsa ntchito.

Malo ake ndi pulani yoyamba

Khonsolo inali ndi malo kunja pang'ono kwa boma, otsetsereka kuchokera pa kachitunda ka katondo mpaka kudambo. Pulani yoyamba inali itajambulidwa kale pa chithunzi cha m'mwamba. Inali yokongola pa pepala: misewu yowongoka, mapuloti ofanana, malo a sukulu ya mkaka pakona. Mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka panalibe. Misewu itatu inkatsika molunjika kuchokera pamwamba mpaka kudambo, ndipo mzere wonse wa mapuloti akumunsi unali pa makande.

Sitinafunike kulosera chomwe chidzachitike, chifukwa chitsanzo chinali pafupi. Moyandikana ndi malowa pali dera limene linadulidwa zaka zapitazo mwa njira yomweyo. Msewu wake waukulu lero ndi chigwembe chakuya kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Anthu amadutsa pa matabwa kuti alowe m'mipanda yawo, ndipo ambulansi imaima kumtunda, wodwala n'kunyamulidwa. Kumunsi kwake nyumba zinang'aluka kuchokera pa fandeshoni mpaka pa zenera, zimbudzi zimadzaza madzi mu Januwale. Chaka chilichonse khonsolo imathiramo dothi, mvula n'kukokolola. Amene anagula mapuloti kumeneko sanalakwe kanthu. Anakhulupirira chidindo cha khonsolo.

Nditawaitana anzanga mu ofesi kuti tikonze pulaniyo, zinaonekeratu pamene panali mpata. Injiniya wachinyamata amene tinali naye ankadziwa fomula yowerengera madzi, koma anali asanaigwiritsepo ntchito pa malo enieni. Matekinishani ankadziwa makina a levulo, oyezera kukwera ndi kutsika kwa nthaka, pa ntchito ya nyumba imodzi, osati pa mahekitala ambiri. Woyendera zomangamanga ankadziwa kuyeza mpanda ndi kutalika kwa khoma, za dothi ayi. Tikanatha kulemba ntchito kampani ya alangizi kuti itijambulire zonse, ndipo ena ankafuna zomwezo. Ine ndinakana pa chifukwa ichi: mlangizi akapereka mapepala ake amapita, koma amene adzavomereze mapulani a nyumba iliyonse, amene adzayang'anire kontilakita, amene adzayankhe madzi akadzalowa m'nyumba ya munthu, ndi ife otsala. Komanso malo awa sanali omaliza kudulidwa.

Kusaka ndalama

Apa ndi pamene panapita nthawi yambiri, ndipo ndifotokoza khomo lililonse limene tinaganizira, poti anzanga ambiri amataya miyezi akugogoda pa makomo omwewa.

Ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku zochokera ku boma, zimene timazitchula kuti ORT, zimathera pa mafuta, magetsi, mapepala ndi kukonza galimoto. Mzere wa maphunziro umakhalapo m'bajeti, koma mwezi umene ndalama zabwera zochepa ndi umene umaperekedwa nsembe. Matumba a chitukuko a DDF ndi CDF anali a zinthu zooneka ndi maso, ndipo palibe khansala kapena phungu amene angalole kuti mlatho wa kwawo udikire chifukwa injiniya akufuna kuphunzira. Sindiwadzudzula pa zimenezi. Anthu awo amawafunsa za mlatho. Pulojekiti ya GESD, imene Banki ya Dziko Lonse inaikapo madola 100 miliyoni mu 2020, inkapereka ndalama ku makhonsolo a maboma potengera momwe akhozera pa kauniuni wa chaka ndi chaka wa LAPA, ndipo ndalama zimenezo zinali ndi ndondomeko yake ya zomwe zingagwire. Msonkho wa TEVET, umene olemba anthu ntchito amalipira 1 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro, cholinga chake ndi ntchito zamanja ndi zaluso. Ungathandize amisiri ndi akapitawo, koma ife tinkafuna china.

Panatsala mabungwe othandiza. Maphunziro awo ndawakhalapo, ndipo ena ndi abwino ndithu. Vuto ndi lakuti mutu amasankha ndi iwowo, nthawi amasankha ndi iwowo, ndipo kawirikawiri amachitikira mu holo ya kunyanja, kutali ndi dothi limene tikufuna kuliphunzira. Amene amapita nthawi zina si amene adzagwire levulo. Ndalama zambiri zimathera pa malo ogona, chakudya ndi ma alawansi, mphunzitsi n'kulandira zotsala. Munthu amabwerako ndi satifiketi ndi chikwama, koma ukamupatsa chigwa kuti akuuze kukula kwa kalavati, amakuyang'ana.

Njira inapezeka tikuwerengera mtengo wa puloti ndi mkulu wa zachuma. Wogula puloti ya khonsolo amalipira ndalama ya fomu, kenako ndalama ya chitukuko cha malowo, imene imayenera kubweza zomwe zalowa pa kuyeza, mabikoni, kutsegula misewu, ngalande ndi makalavati. Pa mndandanda umenewu panali mzere wa kujambula ndi kuyang'anira ntchito, umene ukanapita kwa kampani ya alangizi. Tinafunsana kuti bwanji mzere womwewo usalipire akatswiri oti abwere kudzagwira ntchitoyo pamodzi ndi anthu athu, akuwaphunzitsa, mapepala omaliza n'kutuluka m'manja mwa ogwira ntchito a khonsolo, katswiri wovomerezeka atawaunika ndi kusainira. Ndalama yake ndi yomweyo, wolipira ndi yemweyo, wopindula ndi yemweyo wogula puloti uja, koma luso likutsala pa khonsolo.

Panali mfundo imodzi yovuta. Ndalama ya chitukuko imabwera mapuloti akagawidwa, pomwe maphunziro amafunika mapuloti asanajambulidwe n'komwe. Tinagwirizana kuti khonsolo ibwereke kuchokera ku ndalama zimene imatolera yokha m'misika ndi pa malaisensi, n'kudzabweza kuchokera pa ndalama za mafomu ndi gawo loyamba la malipiro a mapuloti. Mkulu wa zachuma anaumirira kuti ngongole ya mkatiyi ilembedwe m'maminitsi, ikhale ndi tsiku lobwezera, ndipo iziwerengedwa mu lipoti la miyezi itatu iliyonse. Anachita bwino kuumirira. Popanda zimenezo, oona za kayendetsedwe ka chuma akanaiona ngati ndalama yosokonekera, ndipo ndalama za amayi ogulitsa tomato mumsika si zoti munthu azisewera nazo.

Kukomiti ndi kukhonsolo yonse

Nkhaniyi inadutsa ku komiti ya zomangamanga, kenako ya zachuma, isanafike ku msonkhano wa khonsolo yonse. Ku komiti ya zachuma khansala wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti, "Wapampando, ndithandizeni. Bwana injiniyawa tinawalemba ntchito chifukwa anaphunzira. Lero akuti tiwalipirirenso sukulu ndi ndalama za anthu ogula mapuloti. Nanga akaphunzira n'kupita ku kampani ku Lilongwe, tidzagwira chiyani?" Funso limeneli linali loona, ndipo silinafunike kuyankhidwa ndi mawu okoma.

Tinapempha kuti komiti ikakumanirenso pa chigwembe cha dera loyandikana lija. Titafika tinaima m'mphepete, ndipo kalaliki anawerenga kuchokera m'mabuku a khonsolo ndalama zimene zinathiridwa pa msewu umenewo m'zaka zapitazo. Zinaposa zimene tinkapempha. Gogo chalo wa deralo, amene amakhala nawo m'khonsolo, anauza makhansala kuti madandaulo a anthu a kumunsiko amayambira pakhomo pake usiku mvula ikugwa, asanafike ku ofesi iliyonse.

Chilolezo chinabwera ndi zomangira zake, ndipo zambiri anazipereka ndi makhansala eni ake. Maphunziro achitikire pa malo omwewo ndi mu ofesi ya khonsolo, osati kunyanja. Pasakhale alawansi yokhalira pa mpando, kupatula chakudya cha masana kwa amene ali kutchire. Aphunzitsi apezeke kudzera ku komiti yogula zinthu monga lamulo la 2017 la kagulidwe ka katundu wa boma linkanenera, ndipo azilipidwa akapereka chinthu chogwirika: mapu a kukwera ndi kutsika kwa nthaka, lipoti la dothi, pulani ya ngalande, pulani yomaliza ya mapuloti. Wophunzira aliyense asaine kuti akachoka mwa kufuna kwake nthawi yogwirizana isanakwane adzabweza gawo la ndalamazo. Ndipo mafayilo onse, a pepala ndi a pa kompyuta, akhale a khonsolo.

Nkhani ya alawansi inawawa. Ena amene poyamba analembetsa maina anazemba atamva kuti mulibe kanthu. Sindiwaweruza mopepuka, chifukwa malipiro a tekinishani ndi ochepa ndipo alawansi ndi imene imagula feteleza ndi kulipira fizi. Chimene chinakopa otsalawo n'chakuti ntchitoyi inkawerengedwa pa ulendo wawo wa ukatswiri. Lamulo la 2019 limene linakhazikitsa Malawi Engineering Institution limafuna kuti wogwira ntchito ya uinjiniya akhale wolembetsedwa, ndipo wachinyamata amafunika kuonetsa ntchito imene waigwira moyang'aniridwa ndi katswiri kuti akwere. Pa khonsolo ya kumudzi mwayi wotere ndi wosowa. Tinaika m'mgwirizano kuti katswiri wotsogolera azisainira mabuku a ntchito a ophunzira, ndiponso thumba lomwelo linalipira ndalama zawo za umembala za chaka chimenecho.

Tili mkati mokonza, mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse. Chilichonse chogulidwa ndi madola chinakwera tsiku limodzi. Mapulogalamu a pa kompyuta olipira laisensi tinawachotsa pa bajeti n'kutenga QGIS ya mapu ndi SWMM yowerengera madzi a m'ngalande, onse aulere. Makina a GPS oyeza molondola tinachita kubwereka pa masiku ochepa m'malo mogula. Zimene tinagula ndi zotsika mtengo zokhalitsa: levulo yachiwiri, ndodo zake, matepi, mapiki, mafosholo ndi kompyuta imodzi yamphamvu imene imakhala mu ofesi.

Maphunziro enieni

Tinasankha kuti gawo loyamba lichitike m'dzinja. Ambiri amayeza malo m'chilimwe chifukwa udzu wapsa ndipo galimoto imalowa paliponse, koma m'chilimwe dambo limanama. Mu gulu munali injiniya wachinyamata, matekinishani, woyendera zomangamanga, wa mapulani, kalaliki wa zamalo ndi wa zaumoyo wa m'deralo. Kuwaika pamodzi kunali dala. Aphunzitsi anali injiniya wopuma pa ntchito amene wakhala zaka zambiri pa misewu ya m'tauni ndi ngalande, saveya wa laisensi, ndi mphunzitsi wa zamapulani a matauni.

Tsiku loyamba mphunzitsi wamkulu sanalole aliyense kutulutsa makina. Anatiuza kuti tipemphe a nyakwawa atipatse anthu amene alima pamalopo kwa nthawi yaitali, tiyende nawo m'mawa mvula itagwa usiku. Agogo ena aakazi anatitsogolera ndi khasu lawo paphewa. Anatisonyeza pamene ankabzala mpunga, pamene chimanga chimachita chikasu chaka chilichonse, ndi kanjira kosaoneka bwino kodutsa pakati pa malo amene pa pulani yathu anali mapuloti anayi. Wa mapulani atawafunsa kuti, "Agogo, koma pano pakuoneka pouma," anayankha kuti, "Mwanawe, madzi saiwala khwawa. Bwera mu Febuluwale udzaone." Tinakhoma zikhomo mmene anatilozeramo. Titayeza ndi makina n'kujambula mapu, chigwa chinatuluka momwemo mmene munali zikhomo.

Poyeza, ophunzira anaona okha chifukwa chake mapu aulere a pa intaneti sakwanira. Ambiri mwa mapu amenewo amapereka nambala imodzi ya kutalika kwa nthaka pa mamita 30 alionse, ndiye kachigwa kakang'ono kamabisala pakati. GPS ya m'manja kapena ya pa foni imaphonya ndi mamita angapo, zomwe n'zokwanira kuika bikoni m'khitchini ya mnansi. Saveya anawaphunzitsa kutseka mzere wa levulo, kutanthauza kubwerera pa malo oyambira kuti aone ngati manambala akugwirizana, ndipo gulu limene manambala ake sanatseke linkabwereza.

Masamu a madzi anaphunzitsidwa ndi zitsanzo zoti ngakhale khansala angazimve. Hekitala imodzi ikalandira mvula ya mamilimita 50, pagwa madzi okwana malita 500,000, kapena kuti migolo 2,500 ya malita 200. Pa munda kapena pa tchire, mwa magawo 10 alionse mwina awiri kapena atatu ndi amene amathamanga pamwamba, ena amalowa pansi. Pa denga la malata ndi pa simenti amathamanga 8 kapena 9. Ndiye malo omwewo akadzaza nyumba, mipanda ndi mabwalo osesedwa, madzi ofika kumunsi amatha kuchuluka kawiri kapena katatu, ndipo amafika msanga. Injiniya amene akuyeza kalavati poyang'ana munda umene akuuona lero walakwitsa kale. Ayenera kuyeza poganizira madenga amene kulibe. Anaphunziranso kuti paipi ya mamilimita 900 imanyamula madzi pafupifupi katatu kuposa ya 600 ikaikidwa motsetsereka chimodzimodzi, ndipo ya 600 imatsekeka msanga ndi mchenga ndi majumbo. Kusunga ndalama pogula yaing'ono kumadzadula kawiri.

Dothi tinaliphunzira ndi manja. Tinakumba maenje oyesera kuchokera pamwamba kutsika mpaka kudambo. Aliyense ankatapa dothi, kulinyowetsa, n'kulipota pakati pa zala. Katondo ankaduka msanga. Makande ankatalika ngati chingwe osaduka, ndipo dzenje la kumunsi linali litadzaza madzi pofika m'mawa mwake. Mphunzitsi anafotokoza kuti makande amafufuma akanyowa, n'kunyala akauma, ndipo kuyenda kumeneku ndi kumene kumang'amba makoma. Wa zaumoyo anaonjeza za zimbudzi: pamene madzi a pansi ali pafupi chonchi, chimbudzi chokumba ndi chitsime zimamwa madzi amodzi, ndipo mtunda wa mamita 30 umene timalangiza pakati pa ziwirizi sungatheke pa mapuloti ang'onoang'ono ngati aliyense akumba chake. Woyendera zomangamanga anandiuza pambuyo pake kuti kwa zaka zonse anali kuvomereza fandeshoni yofanana paliponse chifukwa panalibe amene anamuonetsapo kusiyana kwake.

Gawo lomaliza linali la mu ofesi: kujambula pulani yatsopano, kuwerengera mtengo, ndi kulemba makalata opita ku bungwe la madzi la chigawo chathu ndi ku ESCOM kuti anene kumene mapaipi ndi mapolo adzadutse misewu isanatsegulidwe. Tinatumizanso chikalata chofotokoza ntchitoyi ku MEPA, bungwe loteteza chilengedwe, monga lamulo la zachilengedwe la 2017 likufunira. Izi zinayenda popanda chovuta chachikulu.

Zomwe zinasintha pa malo

Pulani yachiwiri ndi yosiyana kwambiri ndi yoyamba. Misewu yambiri tsopano ikuyenda mopingasa chitunda, ndipo umodzi wokha ndi umene ukutsika, wokhala ndi ngalande zomangidwa ndi miyala ndi timakoma tochepetsa liwiro la madzi. Khwawa la agogo lija lasiyidwa lotseguka, mbali zonse kwabzalidwa vetiva. Mzere wa mapuloti a pa makande unachotsedwa, malowo akhala bwalo la masewero ndi podikirira madzi a mvula asanalowe m'dambo. Sukulu ya mkaka inasamutsidwa kupita kumtunda.

Mapuloti anachepa, ndipo mtengo wa iliyonse unakwera pang'ono. Izi zinabweretsa mkangano wachiwiri m'khonsolo, woposa woyamba uja, chifukwa mndandanda wa ofuna malo unali wautali ndipo ena anali atalonjeza kale abale awo. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti amene anaima kutsogolo kufotokoza sindinali ine kapena mlangizi wochokera kutali. Anali injiniya wachinyamata uja ndi tekinishani wamkazi, atanyamula mapu ndi zithunzi za dzenje lodzaza madzi. Anayankha funso lililonse ndi manambala amene anawayeza okha. Khonsolo inavomereza.

Tinasinthanso dongosolo la ntchito. Ngalande ndi makalavati zinamangidwa makalata ogawa mapuloti asanatuluke. Pulani iliyonse yodula malo tsopano siipita ku komiti ya mapulani popanda mapu a kutsetsereka kwa nthaka ndi siginecha ya injiniya pa za madzi. Ngongole ya mkati ija inabwezedwa mochedwerapo kusiyana ndi mmene tinalembera, chifukwa ogula ambiri analipira pang'onopang'ono, koma inabwezedwa yonse. Mvula yoyamba itagwa pa misewu yatsopano, m'malo awiri ngalande inasefukira chifukwa cha mchenga wa omanga nyumba umene anauthira m'mphepete mwa msewu. Matekinishani anapeza okha chifukwa chake, ndipo lamulo loletsa kuthira mchenga ndi njerwa m'ngalande linalowa m'chilolezo chomangira.

Zomwe zikadali zovuta

Mgwirizano wobweza ndalama umagwira amene wasiya ntchito yekha. Sugwira amene wasamutsidwa ndi boma kupita ku khonsolo ina, ndipo mmodzi mwa ophunzira athu anasamutsidwadi. Luso lake silinatayike, likutumikira Amalawi ena, koma amene analilipira ndi ogula mapuloti a kwathu. N'chifukwa chake ndikuona kuti njirayi ingakhale yachilungamo kwambiri makhonsolo oyandikana atamaichita pamodzi, aliyense n'kuikapo kuchokera pa malo ake, ndiponso a National Local Government Finance Committee, amene amayang'anira ndalama za makhonsolo, ataika mzerewu m'malangizo a bajeti kuti usamadalire kuti mkulu wa zachuma wa chaka chimenecho ndi womvetsa. Pakadali pano chitetezo chathu ndi chakuti taphunzitsa gulu osati munthu mmodzi, ndipo tinalemba kabuku ka ndondomeko kamene wobwera watsopano amapatsidwa.

Njirayi ilinso ndi malire ake. Imagwira pamene khonsolo ili ndi malo akeake oti igawe. Khonsolo yopanda malo iyenera kuyang'ana ku ndalama zimene anthu amalipira pounikitsa mapulani, ndipo zimenezo ndi zochepa. Ndiponso mzere uwu ukangosiyidwa wopanda zomangira zija, sipatenga nthawi kuti usanduke thumba lina la ma alawansi, ogula mapuloti n'kumalipira maulendo a kunyanja. Ndikanakonda kuti khonsolo imene singathe kusunga lamulo lolipira pa ntchito yooneka isayambe n'komwe.

Vuto lalikulu lili kumtunda kwa malo athu, kuseri kwa malire. Kumeneko ndi malo a makolo, ndipo mabanja akudula minda yawo n'kumagulitsa kudzera mwa madobadoba, poyeza ndi mapazi ndi chingwe, njira n'kusiya yongokwana njinga. Madenga amene akukwera kumeneko madzi ake adzatsikira m'ngalande zathu. Powerengera tinasiya mpata wa zimenezi, koma mpatawo uli ndi polekezera. Mu bajeti ya chaka chimene chikuyamba pa 1 Epulo tapempha kuti gawo lachiwiri la mapuloti lilipire maphunziro a makomiti a zamalo a magulupu awiri a kumtundako ndi alembi awo, ndipo aphunzitsi akhale matekinishani athu omwewa. Mafumu avomera kuti pasagulitsidwenso munda wa m'khwawa mpaka tidzayende nawo limodzi ndi kukhoma zikhomo. Pempholi lili ku komiti ya zachuma, ndipo likambidwa pa msonkhano wake wotsatira.